Matemba a Mufomalini kwa Apongozi

Lolemba lapitali ndinatumizira apongozi anga matemba oviikidwa m'mankhwala oumitsira mitembo otchedwa fomalini.

Ndimagwira ntchito mu labotale ya yunivesite, ndipo chaka chino anatitumiza kunyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe, kudzafufuza za nsomba. Pakhoma la labotale ya kunyanjako anamatapo lamulo: chidebe chilichonse cha mankhwala chilembedwe, ndipo chakudya chisalowe mu labotale. Ine ndinkaliseka. (Olilemba ndi anthu a mu ofesi oti temba amaliona lili kale m'mbale.) Zaka zisanu ndi zinayi pantchito, ndingasokoneze ndiwo ndi fomalini?

Zidebe zinali ziwiri, zabuluu, zotsekedwa, zonse zosalemba. M'china munali matemba a mufomalini, a kafukufuku wa miyezi itatu. M'chinacho munali anga aawisi, ogula kwa asodzi m'mawa womwewo. Wanjinga wa ku Nazombe, kwawo kwa mkazi wanga, atafika, ndinangoloza ndi chibwano.

"Tengani icho, mukapereke kwa mayi."

Masana ndinatsegula chotsalacho kuti ndiyeze nsomba. Linandilandira fungo la ndiwo.

Ndinapalasa njinga maola atatu osatsika. Kuno mkamwini salowa m'khitchini mwa apongozi. Amanjuta chapatali, n'kulankhula maso ali pansi. Ine zonsezo ndinazilumpha, ndinakafikira kuvundukula mapoto. Munali nandolo.

"Bambo, mwataya chiyani m'mapoto mwanga?" anafunsa apongozi ali pakhomo, alamu anga awiri akusuzumira kumbuyo kwawo.

"Nsomba zija, mayi. Musadye."

"Zija zotulutsa misozi? Ngakhale ntchentche zinazikana. Ndakhuthulira m'chimbudzi. Kodi kuyunivesite kwanuko mphuno mumasiya pageti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti fomalini ndi chiyani. (Sindikudziwa amene anandituma.) Anamvetsera mpaka pamene ndinatchula mitembo.

"Ohoo. Mukafuna kundiumitsa, bambo, dikirani ndiyambe ndafa."

Mayi woti sanavalepo jasi loyera anazindikira poizoni atangotsegula chidebe. Katswirine ndinamuzindikira atayenda theka la boma.

Tsopano zidebe ndalemba zonse, ngakhale cha madzi okolopera, ngakhale lamulolo ndikuonabe kuti analilemba mwamwano. Lachisanu komiti yoona za chitetezo ikubwera kudzagamula za ntchito yanga, ndipo yanena kuti ikufuna kuona nsomba za kafukufuku ndi maso. Ndikaiperekeza ku Nazombe, kuseri kwa nyumba ya apongozi.