Tsiku Limene Ndinalowa m'Paipi ya Kalavani ya Keith

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, amalize, apukute misozi, chifukwa ndikayamba nkhani iyi sindifuna kuona mano a munthu. Inu a Mbewe, ndakuonani mukutsinzinira akazi anu. Munali kuti inu chaka chimene fakitale ya magalimoto ya ku Longbridge inatsekedwa? Munali ku Mchinji mukulimbana ndi mayeso a Fomu Folo, pamene ine ndinali nditatha zaka makumi awiri ndikumangirira zitseko za magalimoto mumzinda uno wa Birmingham, ndi manja awa mukuwaonawa. Ndiye khalani pansi, tiyi wanuyo azizire, mumve za tsiku limene ine Chimphonda ndinalowa m'paipi yopapatiza kuposa mwendo wa thalauza, ndi kutulukamo ndi ulemu wa mwana wa eni ake.

Panali nesi wina, Tiyanjane, wa ku Ntcheu, amene anafika kuno yekhayekha ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zosadziwa chisanu. Malemu akazi anga, a Nachisale, ndiwo anamutola pakhomo la tchalitchi, namuphunzitsa kukwera basi ndi kuvala majuzi awiri. A Nachisale atatisiya, mwanayo sanaleke kubwera kunyumba kwanga ku Smethwick kudzavundukula mapoto kuti aone ngati ndikudya. Ndiye tsiku limene anadzagwada pa kapeti panga nati, "Malume, ndapeza munthu, wa ku Chipata, koma akwathu sangathe kubwera. Mukhale nkhoswe yanga," ine ndinavomera asanatseke pakamwa. Ndinamulonjeza kuti chinkhoswe chake chidzakhala ngati cha kwathu, osadumpha kanthu, makamaka paja amayi amafundidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naima pamzere kuti mkamwini aloze yekha mkazi wake. A kuchimuna anali atayamba kale kunong'onezana kuti mtsikanayo alibe abale, ndi wongotola. Ndinati tidzaona.

Mayi ake anatumiza zitenje khumi ndi ziwiri zofanana kuchokera kumudzi. Amayi a kumpingo anazichapa Lachitatu kuti zifewe, naziyanika panja, kuiwala kuti kuno si ku Ntcheu. Mvula inagwa Lachitatu lomwelo, inagwa Lachinayi, inagwa Lachisanu. Atafuna kuzipachika pa mahita a m'nyumba, ine ndinawaletsa, ndinati musavutike, ndili ndi makina. Choncho Loweruka m'mawa, tsiku la mwambo, zitenje zinafika ku holo ya ku Foleshill, mumzinda wa Coventry, zili m'beseni, zikudontha ngati zangovuulidwa mumtsinje.

Makinawo anali m'kalavani ya mnzanga Keith, mzungu amene tinkagwira naye ntchito pa mzere umodzi. Fakitale itatsekedwa anagula chigalimoto cha ku Amereka chokhala ngati nyumba, muli bedi, khitchini, bafa, ndi makina oumitsira zovala amene ana anu amati dilaya. Kwawo kunalibe poimika, ndiye chinkagona kuseri kwa nyumba yanga, makiyi ndili nawo ine. Tsiku limenelo ndinachiyendetsa mpaka ku Coventry kuti mkwatibwi avaliremo. Tinaponya zitenje m'makina nthawi ili teni koloko. Leveni koloko tikutsegula, zotentha inde, nthunzi tolotolo, koma zonyowa monga tinaziikira. Thwelofu koloko, chimodzimodzi. Mwambo unali wa thu koloko.

Ndinazungulira kunja, ndinagwada pa kachitseko ka paipi yotulutsira mpweya wotentha, ndinaikapo chikhatho. Zii. Ngakhale mpweya wozimitsa machesi panalibe. Paipi yatsekeka.

Tsono apa ndikuuzani chinthu chimene Keith sakuchidziwa mpaka lero, ndipo amene akamuuze tidzaonana. Ndinali ndi kadimba ka maungu ku Smethwick. A Nachisale ankafutsa nkhwani chaka chilichonse, kuuyanika pa zenera masabata atatu uku akudandaula kuti dzuwa la kuno ndi lojambula. Iwo atapita, nkhwani unangochuluka, woufutsa palibe, ndipo ine sindikanalola kuti uwolere m'dimba mmene ankagwadamo mkazi wanga. Ndinkauwiritsa pang'ono monga ankachitira iwo, ndi kuukhuthulira m'dilaya ya Keith. Chilimwe chonse, matumba makumi anayi. Ndine munthu woyamba pa dziko lapansi kupanga mfutso ndi makina, ndipo kukanakhala chilungamo dzina langa likanakhala m'mabuku a sukulu. Kungoti timasamba tina tinkapita ndi mphepo m'paipi, n'kukakumana ndi ubweya wothothoka ku majuzi a Keith, n'kumanga banja mmenemo.

Ndili chogwada choncho, nkhoswe ya kuchimuna, a Zulu, inabwera manja ali m'matumba.

"Mudala, kapena tingowafunditsa makatani a mu holo azimayiwa?"

Anzawo kumbuyo anaphulika kuseka. Pa zenera la kalavani panasuzumira Tiyanjane, nsidze imodzi yopaka, ina isanapakidwe, maso atalengeza misozi.

"Malume, zitheka?"

"Mwanawe, kamalize nsidze inayo."

Ndinavula jekete. Ndinayamba ndi waya wopachikira malaya. Unalowa wowongoka, unatuluka utapindika ngati mbedza, utachita kufupika ndi mantha. Ndinalowetsa mpini wa mopu. Paipi inaumeza, sitinauonenso. Ndinabwereka makina okokera fumbi a mu holo. Anakoka kamodzi, anatsokomola, anatsamwa, magetsi a Foleshill Road yonse anaphethira, ndipo wometa tsitsi wina anasiya munthu ali ndi mutu theka. Pamenepo ndinati basi, zida zalephera, alowe mwini mfutso.

Mukumva? Kamwa la paipi imeneyo silisiyana ndi kamwa la kapu mwagwirayo. Ndinavula malaya, ndinadzola mafuta ophikira theka la botolo, ndinatulutsa mpweya wonse umene ndinapuma chibadwire mpaka nthiti zinakumbatirana ndi msana, ndipo ndinalowetsa dzanja, kenako phewa, kenako mutu nditapinda makutu, kenako thupi lonse, kusiya nsapato zokha panja kuti anthu adziwe kumene ndalowera. Mukaiona kunja paipi ija ndi yaifupi, mikono iwiri basi, koma mkati, abale anga, ndinakwawa mtunda wonga wochokera pa Dedza kukafika pa Linthipe, mdima uli bii, kutentha ngati ku Nsanje mwezi wa Okutobala, ndikudutsa masokosi onse amene anasowa m'makina a West Midlands muno chiyambire, lililonse lopanda mnzake, mabatani, mapini a m'tsitsi, mpini wa mopu uja utatsamira pambali ukupuma, ndi mpheta ziwiri zimene zinamanga chisa mmenemo ndi kulera ana atatu, onse akundiyang'ana ngati ndabwera kudzawafunsa mapepala.

Kumapeto ndinachipeza. Chinthu chobiriwira, cholimba ngati chulu, chaubweya ngati nkhosa, chonunkhira ngati khitchini ya a Nachisale mwezi wokolola, moti ndinaima kaye pang'ono, sindinama, ndi kupukuta m'maso ndi phewa. Kenako ndinakumbukira nthawi. Ndinachimenya chibakera, chinandibwezera. Ndinachikanda, zikhadabo zinatha. Ndiye ndinachiluma ndi mano awa, anali onse nthawi imeneyo, ndi kubwerera chambuyo ndikuchiguza monga galu aguzira chikopa, kudutsanso mpheta zija, kudutsanso masokosi aja, mpaka ndinatulukira m'nsapato zanga, phazi lililonse m'nsapato yake.

Chimene ndinatuluka nacho inali nsonga chabe, chingwe chonenepa ngati ntchafu ya munthu wodya bwino. Tinakoka amuna asanu ndi mmodzi, a kuchimuna omwe, a Zulu atavula tayi, koma chinangotalika osatha. Ndinayang'ana wotchi: wani koloko. Ndinati ayi, mwana wa eni ake sachita manyazi ine ndili moyo. Ndinamangirira nsongayo ku pholo la magetsi la pakhomo pa holo, ndinalumphira pa chiwongolero, mkwatibwi ali momwemo akupakidwa milomo, ndi kuponda mafuta. Kalavani ikuthamanga, chingwe chikutuluka kumbuyo; tinatuluka mu Coventry chikutuluka, tinadutsa bwalo la ndege chikutuluka, ndege ziwiri zinaima m'mwamba kudikira kuti tidutse kaye, tinalowa mu Birmingham mabasi akupatuka okha, tinafika ku Longbridge, ndinazungulira mpanda wa fakitale yathu yotsekedwa kawiri ndikuliza hutala kupereka moni, chikutulukabe, ndipo nditangokhota kuti ndibwerere ndinamva kuti phu! ngati chitsekerero cha botolo la thobwa logonera masiku anayi. A Mbewe, mukufunsa kuti ulendo wonsewo ndinaukwanitsa bwanji mu ola limodzi? Ola lake liti? Mphindi makumi awiri, kupita ndi kubwera, ndipo makamera a pamsewu anangojambula mphepo. Wopaka milomo uja sanaphonye ngakhale pang'ono, chifukwa ine poyendetsa sindigwedeza.

Mukumva? Mpweya umene unali utatsekeredwa chilimwe chonse unatuluka nthawi imodzi. Unakwera kumwamba, unakankha mitambo ya masiku anayi kuibweza ku Wales kumene inachokera, madontho amene anali kale panjira anauma asanafike pansi, misewu inachita fumbi, abakha a mu ngalande za Birmingham anapezeka akuyenda wapansi, ubweya uja unabalalika mlengalenga n'kuyamba kugwa pang'onopang'ono moti ana a azungu anatuluka ndi magolovesi poyesa kuti sinowo yafulumira, ndipo fungo la mfutso linalowa m'zipatala zonse kuyambira ku Wolverhampton mpaka ku Coventry, manesi a kwathu amene anali pa shifiti anaima chilili pakati pa wodi, mphuno m'mwamba, ena misozi, wina mpaka anafunsa dokotala ngati ali ndi nsinjiro. Zitenje zinauma pa mphindi zitatu. Zinatuluka m'makina zofunda, zosalala, zitadzipinda zokha.

Thu koloko yeniyeni amayi khumi ndi awiri anaima pamzere atafunda kumutu mpaka kumapazi, popanda dontho ngakhale limodzi, nthungululu zikumveka mpaka kumsika. Mkamwini anazungulira, anatuluka thukuta, analoza. Tikuvundukula, ndi mayi busa. Analozanso. Tikuvundukula, ndi mayi wina wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, amene anamuuza kuti, "Ndavomera, tiye." Kachitatu ndi pamene anapeza wake, nsidze zonse ziwiri zili m'malo. A Zulu anavula chipewa, anandiyang'ana, nati, "Mudala, mwana uyu ali nawo anthu." Mawu amenewo ndi amene ndinkafuna.

Tsono ndikudziwa chimene chikukuyabwani pakamwa, mayi Mbewe, chifukwa munachiona chithunzi chimene Tiyanjane anapachika m'chipinda chake chochezera. Inde, mwambo unachitikira panja, pamalo oimika magalimoto. Inde, munthu amene wagwada pambali pa kalavani, tsaya litagunda chitsulo, dzanja lamanja litalowa m'bowo mpaka m'phewa, ndine. Amayi a kumpingo amakonda kunena kuti kalavani sinasunthe tsiku lonse, kuti dzanja linakakamira kuyambira thwelofu koloko, ndi kuti zitenje anaziumitsa okha ndi simbi zitatu zobwereka ku sitolo ya nsalu ya kutsidya kwa msewu. Zoti anasita sindikana. Amayi amasita chilichonse, chouma chomwe.

Chimene sanena ndi chakuti Tiyanjane anakana kulowa mu holo popanda nkhoswe yake. Anatulutsitsa mipando yonse, anaindandalitsa mozungulira ine, ndipo mwambo wonse ndinauyendetsa ndili chogwada, mawu akumveka bwinobwino. Malangizo ndinapereka. Tambala wa a kuchimuna, wochokera m'firiji, wopanda mutu, amene a Zulu analumbira kuti anali tambala ali moyo, ndinamulandira ndi dzanja lamanzere ndikupepesa. Palibe chimene tinadumpha.

Ozimitsa moto anafika anthu akudya. Mmodzi anagwada pafupi nane, anathira sopo wotsukira mbale m'mbali mwa mkono, anawalitsa tochi, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, bambo, mukanangotambasula zala, dzanja ili likanatuluka kalekale. Ndinamuuza kuti akoke momwemo. Anakoka atatu, chivindikiro cha paipi chinathyoka, ndipo dzanja linatuluka litafumbata chibuma cha mfutso ndi ubweya chachikulu ngati papaya, makina kumbuyo kwanga n'kupuma mpweya wotentha umene unaulutsa chipewa cha a Zulu.

Kutambasula zala! Ndinali nditachigwira kuyambira thwelofu koloko, ndipo ine Chimphonda chinthu ndikachigwira sinditaya.