Apongozi Anasuta Zaka Zanga Zinayi

Anthu a pa Malomo akamandiitana kuti Kaputeni masiku ano, ndimaseka nawo koma mumtima mukuwawa. Wolakwa palibenso wina, ndine ndemwe.

Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa sitima yonyamula katundu ku Durban. (Ntchito yake inali yokoka zingwe ndi kupala dzimbiri, koma kumudzi ndinkaifotokoza mwamtundu wina.) Pobwera ndinatenga zinthu ziwiri: satifiketi ya chidindo chagolide, ndi kabuku kothimbirira ndi mafuta, momwe akaputeni enieni ankadinda masiku amene ndakhala panyanja. Satifiketi ndinaiika m'felemu pabalaza. Kabuku ndinakaponya pansi pa bedi.

Ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini sasowa chodzionetsera. Tsiku lina ndinapeza apongozi aamuna akuvutika kupichira chingambwe m'khoko la chimanga. Ndinathamangira kabuku kaja, n'kuwapatsa ndi manja awiri nditagwada. Atakhudza pepala lake lofewa, ananena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Ndinadzimva.

Patatha miyezi ndinamva kuti sitima za kwathu kuno zikufuna anthu, koma mapepala akunja ayenera kuyamba asinthidwa kukhala a kuno. Ndinatsanzika mudzi wonse, n'kukwera minibasi felemu ili pamiyendo. Ku ofesi mayi wina anangoiyang'ana kamodzi n'kuikankhira pambali.

"Iyi ikusonyeza kuti munaphunzira, bambo. Nanga buku losonyeza kuti munakhaladi panyanja lili kuti?"

Ndinayankha kuti lili kunyumba, losungika bwino. Anandiuza kuti ndibwere nalo pofika Lachisanu, apo ayi ndidzayambira pansi ngati sindinaonepo sitima.

Ndinabwerera thukuta lili kamukamu. Koma chinthu chimene unapereka kwa apongozi utagwada sumangochilanda ngati khasu lobwereketsa. Ndinakhala chapatali pakhonde pawo n'kuyamba ndi za mvula. Ndinapita pa za mbuzi. Ndili pa za feteleza, ndinaona akung'amba tsamba lokhala ndi zidindo zitatu, akulipichira, akulinyambita, akuyatsa. (Imeneyo inali miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo namondwe amene anatsala pang'ono kundipha.) Ine ndinapitiriza za feteleza mpaka ndudu inatha.

Kenako ndinalimba mtima n'kupempha kuti ndingokaonako kabukuko. Anakatulutsa m'thumba la jekete, kataonda ngati nkhuku ya chitopa.

"Musadandaule, akamwini," anatero mokoma mtima. "Ndinayamba ndi masamba odetsedwawo. Oyerawa ndakusungirani, mwina mungafune polembapo."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Lachisanu lija linandipeza ndikupalira fodya m'munda mwa apongozi omwewo, ndipo mpaka lero ndili momwemo. Ndinalumbira kuti sindidzazunguliranso nkhani pamaso pa munthu aliyense. Koma sabata yatha apongozi anabwera kunyumba, anayang'anitsitsa felemu ija n'kufunsa ngati pepala lakelo ndi lofewa. Ine ndinayamba ndi za mvula.