Mfuti ya Mkamwini

Lolemba

Nguluwe zalowanso m'munda. Mizere isanu ya chimanga, psiti! Apongozi aakazi sangandiyankhule pamaso, ndiye akuuza nkhuku zawo mokweza: "Amuna ena amabwera ndi mphamvu, ena amabwera ndi njinga yongopukuta." Ndamva, mayi. Ndigula mfuti. Mudzi uno udziwe kuti mkamwini wa ku Balaka, amene anagwira ntchito ku Halale zaka zinayi, si woseweretsa.

Chuma changa: njinga, jekete, mapaundi awiri. Basi.

Lachiwiri

Ku Nsanama, kwa msilikali wina wopuma. Mfuti ya makamwa awiri, yonyezimira, yonunkhira mafuta. Ndikuigwira. Akutchula mtengo. Ndikuiika pansi mwaulemu ngati khanda la eni. "Kuyang'ana ndi ulere, achimwene," akutero. Ulere wake wowawa bwanji!

Mizere inanso itatu yapita.

Lachitatu

Ku nyanja ya Chiuta. Msodzi wina ali ndi mfuti yochokera kutsidya, kwa Apwitikizi. Yotchipa, inde. Koma dzimbiri, fungo la nsomba, nambala palibe, ndipo mkati mwake mukutuluka mavu. Mmodzi wandiluma pachikope. Msodzi akuti, "Mukangoona asikali muziiponya m'madzi." Ndigule mfuti yoti ndizithawa nayo? Iyayi.

Mkazi wanga wayang'ana diso lotupali: "Ndiye nyama yake imeneyi?"

Lachinayi

Ku Nselema, kwa Che Amidu. Mfuti ya gogodera ya malemu bambo awo, yothira onga kukamwa, yomanga ndi waya pawiri. Akundilola kuyesa. Ndalozetsa chulu, phuu! Chulu chilipo. Phewa langa ndi limene kulibe. Komabe imalira, ndipo kulirako kwandikoma.

Ndalama sakufuna, akufuna njinga. Njinga yanga ya ku Halale, ya belu! Ndapereka. Ndikubwerera wapansi, mfuti nditaikulunga mumkeka, thukuta kamukamu. Koma ndine mwini mfuti.

Lachisanu

Kukhoti, kukatenga chilolezo. Ndavala jekete. Kalaliki sakudzutsa n'komwe mutu. "Chilolezo timapatsa munthu woteteza munda wake. Munda ngwa yani?" Ndikuti ndaulima ine zaka zitatu, zitsa ndinazula ndekha. "Sindinafunse wolima, bambo." Ndikuti ngwa akazi anga. "Ndiye abwere mwini mbumba."

Mwini mbumba! Ndiye kuti alamu anga a Yohane, achimwene a mkazi wanga, munthu amene amatsinzina akamapha nkhuku.

Ndatumiza mawu kwa Che Amidu kuti tibwezerane. Akuti njinga ili kale pa msewu wa ku Chiuta, ikunyamula nsomba. Nsomba, pa njinga yanga!

Loweruka

Kukhoti kachiwiri, ndi alamu. Kulemba satha, akudinda ndi chala. Ine wodziwa kulemba ndawagwirira chipewa. Wolipira chilolezo? Ine. Dzina papepala? Yohane.

Pobwerera mfuti ali nayo iwo paphewa, aigwira chozondotsa. Polowa m'mudzi nthungululu lululu, amayi akuvina. Apongozi akuuza nkhuku: "Mwaona? Mwana wanga wagula mfuti." Nkhuku zikuvomera. Ine ndalowa m'nyumba, ndatseka chitseko.

Lamulungu

Ku Misa ndapemphera mawu ochepa, ena onse ndimatukwana chamumtima. Munda watsala theka. Mfuti yapachikidwa m'nyumba ya alamu, ana akulowa mmodzimmodzi kukaiona. Ine ndiyenera kuodira pakhomo.

Onga palibe. Alamu akusisita jekete langa: "Alamu, ili likhoza kutigulira onga wambiri ndithu." Kutigulira!

Mkazi wanga wandipatsa debe ndi ndodo. Banja lagwirizana kale: ine ndiziimba debe kumunsi kwa munda, nguluwe zizithawira kumtunda, kumene alamu azidikira. Ndiye kuti ine kuno, nguluwe pakati, uko alamu atandilozetsa mfuti yanga, atatsinzina.

Jekete ndikagulitsa mawa. Onga ndigula wochepa.