Nkhungu ya ku Tsangano inandisandutsa mkamwini

Anzanga akandifunsa kuti iwe Domingo, mmene unkaitamira Mosambiki muja zatheka bwanji kuti uzikhala ku Malawi, ndimangoti ndi chikondi. Ndi bodza limenelo. Chinandisamutsa ine ndi pakamwa pangapa, mothandizana ndi nkhungu.

Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame. Esinati, amene ndinkafuna kumukwatira, kwawo ndi ku Malawi, mudzi wa m'mphepete mwenimweni mwa fronteira, malire a mayiko awiriwa. Fronteira yakenso ilibe mpanda kapena chipata, ndi tinjira ta m'minda basi. Vuto linali lakuti kwawoko mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, pamene ine ndinkafuna chitengwa, kumutenga Esinati akakhale kwathu. Ine wa minda yoti ukaima kuno sukuona kothera, ndikapemphe kamzere kwa apongozi? Atsibweni ake, a Mbewe, bambo ofatsa olankhula ngati mawu amachita kugula, anangoti, "Tikaone kaye kwanuko. Mwana sitingamupereke kumalo kumene sitinapondeko."

Tsikulo ndisananyamuke amayi anandiitana. "Domingo, anthu amenewo anatisunga nthawi ya nkhondo, iweyo unabadwira kwawo komweko. Usakanyoze." Ndinati ndamva, koma mumtima ndinali nditakonza kale msonkhano wonse.

Ndinakawatenga a Mbewe pa mota, njinga yanga yamoto, m'mamawa, dzinja lili pakati, nkhungu itatsika yoti tayala lakutsogolo umachita kulikhulupirira kuti lilipo. Munthu wanzeru akanadutsa msewu umene amaudziwa. Koma pamsewu wathuwo pali kamlatho kothyoka, ndipo sindinafune kuti atsibweni akaone, ndiye ndinakhotera kanjira kachidule kamene ndinadutsako kamodzi kokha, tsiku la dzuwa.

Sitinapite patali, mota inatitimira m'matope. A Mbewe anatsika, napinda buluku, nayamba kukankha. M'malo moti ndipepese, ndinaona kuti mwayi ndi umenewu.

"Mwaona atsibweni misewu ya kwanu kuno? Boma lanu limagwira ntchito yanji?"

"Zoona, ndi yoipa," anatero akupukuta matope kumaso.

Patsogolo tinapeza azimayi akutunga madzi pachithaphwi, madzi ake ofiira. Ndinaimitsa dala. "Mpaka lero Amalawi mukumwabe zimenezi? Esinati akabwera kwathu adzanenepa." Azimayiwo anatipatsa moni wa bom dia, ine n'kumati taonani, ngakhale chilankhulo akutisirira. Mutu wanga unali kuti?

Tinazungulira, tinakwera, tinatsika, mpaka tinawoloka kamtsinje. Ndinaliza bele katatu. "Bem-vindo atsibweni, tsopano mwalowa m'dziko la anthu." Ndipotu zinthu zinayambadi kusintha. Njira inauma, mota inayamba kuyenda ngati yatsopano. Tinadutsa mjigo wopakidwa penti, ana akupopa madzi oyera mbee, ndinati onani, ife timamwa amenewa. Tinadutsa eskola ya malata, ana akuimba za Chingerezi. Apo ndinakayika pang'ono, poti kwathu kusukulu ndi Chipwitikizi, koma ndinadzilimbitsa. "Ana athu ndi anzeru, Chingerezi amangochitola pa wailesi."

"Ndi anzerudi," anatero a Mbewe kumsana kwangaku.

Kenako m'nkhungumo munatulukira munda wa kachewere, wobiriwira, mizere yake yowongoka bwino. Ndinazimitsa mota. Ndinalalikira, anzanga. Ndinati nthaka iyi kwanu simungaipeze, kwanu munailima mpaka inatopa, anthu mwachuluka ngati nyerere. Ndinati munthu amene ali ndi munda ngati uwu n'kusamukira kwina ndiye kuti mutu wake sukuyenda. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ndinawonjeza kuti mundawu ndi wa msuweni wanga, ndipo kuno sitiwerengerana, mlendo sabwerera chimanjamanja. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja, kachewere wamkuluwamkulu, ndikuika m'malaya.

A Mbewe anangokhala pachulu, manja ali pamawondo. "Kumbani ndithu, sankhani wonona."

Ndili chigwadire ndinamva mapazi. Ndinatukula mutu. Kutsogolo kwanga kunaima mayi atanyamula khasu, kumbuyo kwawo mtsikana wa dengu. Mayiwo anali apongozi anga, amayi ake a Esinati, anthu oti mwamwambo ndikawaona panjira ndimayenera kupatuka. Wa denguyo anali Esinati.

Apongozi sanandiyang'ane n'komwe, analankhula ndi mlongo wawo. "Achimwene, mwabwerera? Nanga alendowa akutani m'munda mwanga?"

Nthawi yomweyo kamphepo kanakankha nkhungu, ndipo ndinaona mtengo wa mapeyala, khola la mbuzi, ndi nyumba imene ndinawatengako a Mbewe m'mawa uja, zonse zili poteropo. Ndinali nditazungulira n'kubwerera ku Malawi. Matope aja, chithaphwi chija, zonse zimene ndinkatukwana zinali za kwathu. Ndinafuna kuimirira, kachewere anakhuthuka m'malaya n'kugubuduzika mpaka pamapazi pa apongozi. Esinati anadziphimba kumaso ndi dengu, mapewa akugwedezeka. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso, ndinkalakalaka nditalowa m'dzenje limene ndinakumbalo.

"Atsibweni, bwanji simunandiuze?" ndinanong'ona.

"Munandipatsa mpata?"

Kenako anatembenukira kwa apongozi. "Achemwali, musawakalipire. Ndayenda nawo m'mawa wonse ndipo ndamva ndi makutu angawa. Kwawo akuti kulibe msewu, madzi ndi a m'chithaphwi. Kuno akuti kuli madzi, kuli sukulu, ndipo wosiya munda uwu mutu wake sukuyenda. Munthu wokonda dziko lathu chonchi tingamubweze bwanji? Apatseni malo amange."

Mboni yotsutsa chitengwa ndinali ine ndemwe.

Kunena zoona a Mbewe anadzafikabe kwathu nyengo ya chilimwe, anaona nkhokwe za amayi zitadzaza, anavomera kuti kumbali ya minda ndi chimanga ife tili patsogolo. Koma nyumba inali itafika kale pamawindo. Amayi anaseka mpaka kutsamira khoma, akuti Malawi wangotenganso mwana wake. Lero ndimakhala komweko, ndimalima munda womwewo, ndipo Esinati akafuna kundiputa pamaso pa anthu amangofunsa kuti msuweni wanu uja adzabwera liti kudzapalira.

Za kuyerekeza mayiko ndinasiya. Wina akandifunsa kuti kwabwino ndi kuti, ku Malawi kapena ku Mosambiki, ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndafunsa kaye kuti pano taima pati.