Tsiku Limene Ndinalanda Mlendo Nthutumba

Pali manyazi ena amene munthu umafuna kulowa pansi koma pansipo n'kupeza pauma. Anga ndinawaonera pakhomo panga pomwe, ku Nancholi, tsiku limene mwana wanga Tadala ankakwanitsa chaka chimodzi. Mboni zinalipo zambiri, zina zitavala zipewa zamapepala.

Ndiyambe ndi Anti Asiyatu, chifukwa phwandolo, kunena zoona, linali lawo. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Nditabwerera kuntchito (ndimataipa makalata pa ofesi ina ku Ginnery Corner, satifiketi yake ili mufelemu pabalaza), ndinalemba mtsikana wolera mwana, koma ndinkamuimbira foni pafupipafupi kufunsa ngati mwana akupuma, mpaka anamanga katundu wake n'kumapita. Apa m'pamene Anti anati, "Bwera naye kuno mwanayu, iwe uzikagwira ntchito." Kuyambira tsikulo Tadala amaswera kwawo. Dzino loyamba analiona ndi iwo. Popanda Anti, ine ntchito ndilibe, mtendere wa mumtima ndilibenso.

Koma chinthu chimodzi chinkandipweteka. Anti anali asanadyepo chakudya m'nyumba mwanga. Tiyi ankamwa, koma ndikangoti ndipakule, ankati, "Ndakhuta, mwanangu." Chifukwa chake ndinkachidziwa. Anti ndi Msilamu, pamene bambo a Tadala ndi munthu woti akaona nyama ya nkhumba pachiwaya amaiwala dzina lake. Mapoto anga anali ndi mbiri.

Ndiye ndinalumbira kuti pa phwando ili Anti adya mpaka kumasula chitenje. Nkhumba ndinailetsa sabata yonse. Mphika waukulu ndinakabwereka kwa Anti komweko, zipande zomwe. Ndinagula nkhuku zisanu zachikuda ku Limbe, zinayi zazikazi ndi tambala mmodzi wofiira, n'kubwera nazo pa minibasi zikundinyerera pasiketi. Ndipo monga timachitira kuno pakakhala mwambo woti aliyense adye nawo, ndinapempha kuti nkhukuzo achinje Msilamu. Anavomera ndi amuna awo a Anti, Che Saidi, amene amayendetsa lole. Sabata yonse ndinkangoti, "Anti, Loweruka musaphike. Musadye ngakhale phala. Mubwere ndi njala yanu yonse." (Mawu amenewa ndinawanena ndekha, palibe anandikakamiza.)

Lachisanu apongozi anga anafika kuchokera ku Thyolo pamodzi ndi achimwene awo, amalume awo a bambo a Tadala. Amalumewa ndi munthu wabwino, koma satha kukhala pansi. Akaona chitseko chikulira amachichotsa kuti achikonze, inu n'kugona opanda chitseko.

Loweruka m'mawa Che Saidi anabwera ndi mpeni wawo, atavala kale zapaulendo. Anachinja nkhuku zinayi bwinobwino. Atafika pa tambala, chingwe chinamasuka, tambala uja phuruu kudumpha mpanda. Che Saidi anayang'ana wotchi nati, "Katundu akundidikira, mayi. Ameneyo wakana, musiyeni akhale wa mbewu." Tinaseka, iwo n'kumapita. Ine ndinasiyira apongozi ntchito yososola ndi kuphika, n'kuthamangira m'tauni kukatenga keke.

Pobwerera, fungo linandichingamira kumsewu. Zibaluni zili lendelende, mpunga wapsa, kabichi wadulidwa, thobwa lili m'ndowa. Ndinadziuza kuti, mtsikana iwe, ukanatsegula hotela. Kenako amalume anatulukira akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

"Amake Tadala, musadandaulenso. Wothawa uja ndam'gwira kuseri kwa bafa ya aneba."

"Zikomo, amalume. Mwam'mangirira kuti?"

"Kum'mangirira? Ali mumphikamo, akusambira ndi akazi ake."

Keke ija sindinaigwetse, ndipo mpaka lero ndimadziyamikira.

"Wam'pha ndani?"

"Ine amene! Kodi mukundiona ngati nkhalamba yoti singazinge nkhuku?"

Amalume ndi mkulu wa mpingo kwawo ku Thyolo. Nkhuku zinayi zochinjidwa mwadongosolo ndi tambala mmodzi wophedwa ndi mkulu wa mpingo, zonse zodulidwadulidwa, zinkabwata limodzi mumphika wa Anti Asiyatu.

Ndinakokera bambo a Tadala kuchipinda n'kuwafotokozera monong'ona. Iwo anakanda mutu.

"Zinayi kwa imodzi," anatero. "Ochuluka ndiwo amawina. Si ndiyo demokalase tinavotera ija?"

"Bambo a Tadala, ino si nthawi yake."

"Chabwino, nanga adziwa bwanji? Tambalayo alankhula?"

Ndisaname, ndinaliganizira ganizo limenelo. Koma mayi amene amasambitsa mwana wanga tsiku ndi tsiku, ndim'dyetse chinthu chimene chikhulupiriro chake chimaletsa, ine ndikumwetulira? Ayi. Njira yoongoka inali kuwoloka msewu n'kukawauza. Mapazi anakana. Ndinkangoona Anti akuti, "Anthu awa ngosasamala, andidetsera mphika," Lolemba n'kupeza chitseko chawo chili chotseka, ine ndili panja ndi mwana kumsana ndi chikwama cha matewera. (Ndine munthu woti mwana akayetsemula kamodzi ndimayamba kuganiza za ambulansi, choncho musadabwe.)

Choyamba ndinayesa kum'vuula tambalayo. Ndinaitana amalume kuti andilozere nthuli zake, ndikunamizira kuti nyama ya tambala imachedwa kupsa. Iwo anavala magalasi n'kuwerama pamphika.

"Mwendo uwu ngwake, taonani minofu. Uwunso. Uwu ndiye osafunsa, ndi umene anandiponda nawo."

Titafika pa mwendo wachinayi wa tambala mmodzi, ndinabweza zonse mumphika. Ndiponso ngakhale ndikanam'peza yense, msuzi ndikanausefa ndi chiyani?

Chachiwiri, ndinatuma bambo a Tadala kumsika kuti akagule chambo, Anti ndiwakonzere mbale yawoyawo yapamwamba. Anaimba foni kuti chambo chatha. Ndinati, "Bweretsani nsomba iliyonse, alendo ayamba kufika!" Munthu uja anamvera ndithu. Anabwera ndi bonya wa m'kapepala.

Apongozi atandipeza ndikukazinga bonya m'kapoto katsopano, anafunsa kuti ngwa ndani. Ndinati pali mlendo wina amam'konda. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira tomato wowola.

Anti anafika atatchena, mpango wobiriwira wonyezimira kumutu, m'manja atanyamula kadiresi ka Tadala kamene anasoka okha. Ndinawakhazika pa mpando wa khushoni umene tinatulutsa pabalaza, kutsogolo kwenikweni, pamene aliyense ankawaona. Tinaimba nyimbo, Tadala analira poona kandulo, bambo ake anam'zimitsira. Kenako chakudya.

"Lero ndiye ndamvera," anatero Anti akusamba m'manja. "Chidzukire ndangomwa madzi."

Mbale zinayamba kuyenda. Aneba, anzanga akuntchito, ana a m'mudadada wonse, aliyense mpunga ndi nthuli yake, msuzi uli noninoni. Ine ndinagwada pamaso pa Anti n'kuwapatsa mbale yanga yabwino kwambiri, ya maluwa m'mbali: mpunga woyera, kabichi, ndi kamulu ka bonya, tonse tikuwayang'ana ndi timaso tathu.

Anti anayang'ana mbale. Anayang'ana mwana wa aneba amene ankalimbana ndi chiganga pafupi nawo, mafuta akuyenderera mpaka m'chigongono. Anandiyang'ana ine.

"Bonya ali ndi mavitamini ambiri, Anti," ndinatero. (Satifiketi yonse ija, mawu amene ndinapeza ndi amenewa.)

"Zikomo, mayi a Tadala," anayankha motsitsa. Sananenenso kuti mwanangu. Anayamba kutola bonya mmodzimmodzi, kumwetulira kuja kutazima.

Apongozi anaona zonse ali pakhonde. Kwa iwo, mlendo wolemekezeka amadya nthutumba ya nkhuku, ndipo mlendo akapatsidwa nkhuku yopanda nthutumba ndiye kuti mwam'nyoza. Nanga bonya? Anadzuka, analowa kukhitchini, n'kutuluka ndi chipande atanyamula nthutumba yaikulu kuposa zonse, ikufuka nthunzi. Kukula kwakeko, sipanafunike amalume kuti andiuze mwini wake.

"Pepanitu amayi," anatero apongozi mokweza kuti onse amve, "ana a masiku ano sukulu inawachotsa mwambo. Mwatilerera mdzukulu, landirani ulemu wanu." Nthutumba ija thi, pamwamba pa mpunga wa Anti.

Nkhope ya Anti inawala. Anati bisimilahi, natambasula dzanja.

Zimene zinatsatira ndimazimva kwa anthu, chifukwa ine mutu unali utaima. Akuti ndinalumpha ana awiri ndi ndowa ya thobwa. Akuti ndinakuwa kuti "Ayiii!" ngati ndaona njoka. Chimene ndikukumbukira n'chakuti nthutumba inali m'dzanja langa, ikuwotcha, ndipo posowa koiika ndinaiponya m'kamwa.

Abale, nthutumba ya tambala wachikuda simezeka. Inali yotentha ngati khala, yolimba ngati chidendene cha nsapato. Kulavula sindikanatha, kumeza sindikanatha. Ndinangoima pakati pa bwalo, tsaya lili tumbu, misozi ili chuchuchu, chipewa chapepala chitapendekeka. Wailesi yokha ndiyo inkaimbabe.

"Mayo ine," anatero apongozi. "Mwana wanga anakwatira fisi."

Tadala, amene analira tsiku lonse, anaseka mpaka kugwa chagada.

Ndinafotokoza ndikutafuna. Tambala, mpanda, amalume, mphika, zonse zinatuluka zosakanikirana ndi msuzi. Amalume anavula chipewa nati iwo amangofuna kuthandiza. Bambo a Tadala anapezeka kuti ali kalikiliki kukonza chibaluni chimene chinalibe vuto.

Anti anaika mbale pansi.

"Ndiye bonya uja nkhani yake ndi imeneyi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Iwe mwana iwe. Ine ndakhala pano mtima uli phaphapha, ndikufufuza chimene ndinakulakwira. Ndimati kapena ndi chipumi chija Tadala anagunda pa tebulo Lachitatu, wandisungira mpaka lero kuti undilange pagulu."

"Anagunda chipumi?" (Ngakhale pamenepo, mayi ndi mayi.)

"Taona! Ndi chifukwa chake sindinakuuze!" Apa Anti anaphulika kuseka, mpango mpaka kusunthira kumbuyo. "Tonse awiri amantha okhaokha. Mphika amatsuka, mwanangu. Ukanangowoloka msewu, bwenzi nditabwera ndi ndiwo zanga, tikudya tonse."

Mpunga umene unakhudzana ndi nthutumba ndinauchotsa n'kuwapakulira wina. Anadya ndi kabichi ndi bonya yemwe uja, n'kutsirizira keke zidutswa ziwiri zikuluzikulu, akupukuta misozi ya kuseka. Lolemba m'mawa ndinagogoda ndi mantha, mphika nditaukwecha mpaka kuoneramo nkhope. Chitseko chinatseguka, Tadala anatambasula manja, Anti anam'landira monga mwa masiku onse.

Phunziro lake ndinalimva: mawu ovuta ukawanena msanga amapsereza pang'ono, ukawasunga umadzawatafuna pagulu. Kaya ndinasintha, sindikudziwa, poti dzulo lomweli ndinayenda njira yozungulira kuopa kuuza telala kuti wandifupikitsira siketi. Chimene chinasinthiratu ndi ku Thyolo. Tikapitako n'kupha nkhuku, apongozi amayamba aika nthutumba m'kambale, n'kutuma munthu kuti, "Kaperekeni kwa amake Tadala msanga, alendo asanavulale."