Bwana, Maiki Yanu Inali Yotsegula

Kwa Wolemekezeka Mkulu Woyang'anira Antchito Akutali,
Likulu la kampani yathu yoonetsa alendo nyama zakutchire,
Lusaka.

Bwana,

Mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno ku Kakumbi taswera, koma ine ndaswera ndikuseka moti nthiti zikundiwawa. Ndine Winnie, wantchito wanu wamng'ono amene ndimasungira malo alendo obwera ku loji yathu ya kuno ku chigwa cha Luangwa. Mwina dzinali silikukumbutsani kanthu, koma nkhope mumaidziwa. Pa misonkhano ya pa kompyuta ndine kabokosi kapansi kaja kamene kamangogwedeza mutu. Ndasankha kulemba kalata yoti aliyense awerenge chifukwa pepalali ndaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo sindinapezepo batani loti mulizimitsire.

Dandaulo ndilibe, Bwana. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo pondilola kugwirira ntchito kunyumba. Munaona kuti kaofesi kanga ku loji kakungoonongeka ndi ine, munakasandutsa chipinda chogona alendo, ine n'kundipatsa laputopu. Netiweki kwathu imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango. Ndikakwerapo ndi kampando kanga, anthu opita kumunda amauzana kuti a Winnie afika ku Lusaka. Ulemu woterewu sindinaulotepo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo la maiki. Munati ife akuchigwa tizizimitsa maiki nthawi zonse, pakuti msonkhano wa kampani si khola la nkhuku. Munanena zoona. Tambala wa a Tabeth, oyandikana nawo nyumba, alibe mwambo, ndipo amalira ndendende inu mukayamba kunena za tsogolo la kampani. Mutaona kuti ena tikuiwala, munapeza batani lalikulu lotitseka pakamwa tonse nthawi imodzi, loti munthu sangadzitsegule yekha mpaka inu mutalola. Kuyambira pamenepo misonkhano yathu yakhala yokoma ngati mapemphero. Simunatsutsidwepo. Inenso ndapindula: ndimatongola chimanga pansi pa kamera, mutu uli gwedegwede kuvomereza.

Chachitatu ndi tsiku lija la njovu, ndipo apa ndigwade kaye.

Munandichitira chifundo kuti ndipereke lipoti la alendo ndi pakamwa panga. Ndinasita bulauzi. Ndinapempha a Tabeth kuti tambala amuvindikire m'dengu. Munanditsegula maiki, ine n'kuyamba: "Zikomo, Bwana, mwezi uno alendo athu…" Basi, kumbuyo kwanga nthambi inati thyo! Kucheuka, njovu yaikazi ndi ana ake, zabwera kudzaona ngati mango apsa. Dzuwa linali lisanalowe n'komwe, koma njovu za kuno sizifunsa nthawi.

Amuna anga, a Mateyo, anatulukira m'munda akumenya chigubu n'kumakuwa kuti, "Winnie, tsika! Tsika iwe!" A Tabeth anagwira mapoto. Agalu a mudzi wonse analowa kwaya. Tambala uja anagubuduza dengu n'kuyamba yake. Ine ndinatsetsereka pachulu ndi matako, laputopu ili yasa m'manja, liwiro mpaka kukhonde. Ndamva kuti ku Lusaka munaonera thambo, masamba, zidendene zanga ndi msana wa a Mateyo. Mnzanga wa ntchito Foster, amene amalowa msonkhano ali ku Chinzombo, anandilembera pomwepo kufunsa ngati ndili moyo. Inu, pokhala munthu wosunga dongosolo, mawu amene ndinakumvani ndikuthamanga anali akuti, "Winnie, zimitsani maiki."

Ndikuvomera, sindinazimitse. Manja anali otanganidwa.

Chachinayi, zikomo pondiimba mlandu wobweretsa phokoso lakumudzi pa msonkhano wolemekezeka. Apa, Bwana, sindinaseke. Ntchito imeneyi ndi imene imatigwira chaka chimene njovu zatidyera munda, ndipo zimatidyera kawirikawiri. A Mateyo anafuna kukwera basi kudzakufotokozerani okha kukula kwa njovu, ndinachita kuwagwira malaya.

Mlandu munaukonza mwaluso. Munaitana antchito onse kuti atengerepo phunziro. Munaitananso Mayi mwini kampani, amene analowa kamera ili yozimitsa, mwina n'chifukwa chake munawaiwala msanga. Munalamula kuti zonse zijambulidwe. Inu munakhala patsogolo pa mashelefu anu okongola aja odzaza mabuku, amene timawasirira msonkhano uliwonse. Mutawerenga mlandu munandifunsa ngati ndili ndi chonena.

Ndinali nacho, Bwana, ndipo ndinachinena. Ndinafotokoza za njovu, za chulu, za ana anga. Ndinalankhula bwino moti a Mateyo, ataima m'munsi mwa chulu, anapukuta msozi. Koma batani lalikulu lija munali mutalidina, ndiye kwa inu ndinkaoneka ngati nsomba yongoyasamula m'madzi. Munandiyang'ana mofatsa, kenako munati, "Lembani kuti sanayankhe. Kukhala chete ndi kuvomera mlandu." Munalengeza kuti tipume pang'ono kuti mukalingalire chigamulo, n'kuzimitsa kamera.

Kamera yokha, Bwana.

Choyamba kumveka chinali tambala. Ndinayang'ana kwa a Tabeth, koma wawo anali phee. Analiranso, mawu onenepa, a tambala wodya bwino, ndipo kabokosi kamene kankawala kanali kanu. Kenako mawu a mayi akunyumba kwanu: "Bambo a Silas, nkhuku zanu zalowanso pabalaza! Ndinakuuzani kuti misonkhano yanuyi muzipangira kunja!" Apo m'pamene tinadziwa kuti mabuku aja ndi chithunzi chabe, ndipo Likulu la kampani lili pafupi ndi khola. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati, kani Bwana ndi mnzathu!

Inu munayankha mwansangala, mukutafuna kanthu kokhala ngati mtedza: "Zisiye, ndatsala pang'ono. Uuze mng'ono wako Becky akonzeke, ntchito yapezeka. Wakuthengo uja njovu zandithandiza kumuchotsa." Mayi akunyumbawo anafunsa ngati Becky adzathe, poti kompyuta saidziwa. Inu munati adzaphunzira ali pantchito. Anafunsanso ngati mwini kampani adzalole. Apa munaseka, kuseka kokoma kumene sitinakumvepo chiyambire: "Ameneyo? Amangosaina chimene ndamuikira patsogolo."

Ndikufuna mudziwe kuti tinayesetsa kukupulumutsani. Mulungu ndi mboni. Tonse tinadina mabatani athu kuti tikuwe kuti, "Bwana, maiki!" koma munali mutatikhoma bwinobwino monga mwa lamulo. Tinakupiza manja. Foster anang'amba katoni, n'kulembapo ndi khala kuti BWANA TIKUMVA, n'kuiika pa kamera, koma inu munali kalikiliki kuthamangitsa nkhuku, tikumva "shuu! shuu!" ndi mpando kugwa. A Delia a ku maakaunti anayamba ndi kugwira pakamwa, kenako anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka m'kabokosi mwawo munatsala mpando wokha. Ine misozi inali chuchuchu, sindikudziwa ngati inali ya kulira kapena ya kuseka. A Mateyo anakwera pachulu kudzaona chimene chandigwira, a Tabeth nawo anakwera, ndipo ndikupepesa kuti pofika pamene munayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, mudzi wathu unali utaimiriridwa mokwanira.

Munthu mmodzi yekha ndiye batani lanu silinamugwire. Kabokosi kakuda kaja kanayaka, Mayi mwini kampani anaoneka atagwira kapu ya tiyi, n'kunena modekha kuti, "Pitirizani, tikumvetsera."

Kunamveka nkhuku imodzi ikuti kwee! ngati yapondedwa. Kenako kabokosi kanu kanazimiririka. Takhala nanu nthawi yaitali, Bwana, koma sitinkadziwa kuti muli ndi liwiro lotere.

Madzulo omwewo Mayi mwini kampani anandiimbira foni okha. Anandifunsa ngati njovu sizinandipweteke, ndipo ndikhulupirira kuti ndiwo oyamba ku Likulu kufunsa zimenezo. Anati mlandu wanga watha, ndipitirize ntchito. Anatinso Lolemba likudzali kudzakhala msonkhano wina umene adzauyendetse okha, ndipo tidzayamba ndi kumvetsera zimene munalamula kuti zijambulidwe zija. Kuona patali kwanu pa nkhani yojambulayi sindingakuthokozereni mokwanira.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, ndipo muwauze kuti pa nkhani ya misonkhano ya pabalaza ali ndi mfundo. Kwa Becky ndilibe naye mangawa. Mwanayo sanalakwe, ndipo ndikumufunira ntchito yabwino kwina kumene kuli malo.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Lolembalo, Mayi akadzakufunsani ngati muli ndi chonena, chonde muyambe mwayang'ana kabatani kanu kuti n'kotsegula. Mudzalankhule momveka, ngati mmene munalankhulira tsiku lija. Sindingakonde kuti munthu wabwino ngati inu mudzangoyasamula opanda mawu, pakuti ife tonse tidzakhalapo, ndipo tinaphunzira kwa inu nomwe tanthauzo la kukhala chete.

Ndine wanu womvera, womva kwambiri,

Winnie
Kakumbi, Mambwe