Kaseti ya malata asanu ndi limodzi

Mvula ikamagwa kwathu ku Cobue, mbali ya bedi yomwe imadontha ndi yanga. Sindinasankhe ndine, komanso sindidandaula, chifukwa mlandu wake ndikuudziwa.

Ine ndimatolera makaseti a masewera akale, aja olumikiza ku wailesi ya kanema, ofuna kuwauzira mpweya kuti ayambe kugwira ntchito. Ndinawazolowera ndili mwana kwa amalume ku Lichinga, ndipo lero ndili nawo katoni yodzaza (akazi anga, amake Zita, amati ndiwo ana anga enieni). Ambiri ndinawagula pa okushoni ya pa intaneti, pomwe aliyense amatchula mtengo wake, ndipo yemwe ali pamwamba nthawi ikamatha ndiye amatenga katunduyo. Sikudzitama, koma pa ntchito imeneyi ndine katswiri.

Chaka chatha, nthawi ya mwera, panatulukira kaseti yomwe ndinaisaka zaka zambiri, ya mpikisano wa njinga zamoto. Wogulitsa anali ku Maputo, ndipo okushoni imatha Loweruka masana. Tsoka ilo, Loweruka lomwelo ndimayenera kukwera boti kukagula malata ku Metangula, ndi ndalama zomwe amake Zita anasonkhanitsa pogulitsa usipa. Panyanja foni sigwira. Ndiye ndinaimbira msuweni wanga Tomé, yemwe amakhala ku Lichinga.

“Primu, Sabadu ine ndilibe rede, foni sidzagwira panyanja. Undigwirire kaseti imeneyi. Munthu akakweza mtengo, iwe kwezanso, ndalama ndibweza ine.”

“Mpaka pati?” anafunsa.

“Usagonje basi. Zinthu izi sizipitirira mtengo wa nkhuku.”

(Mawu amenewa muwasunge.)

Loweruka mwera unakuntha, mwini boti nati sapita kulikonse. Ine mumtima ndinasangalala. Envulopu ya malata ili m’thumba, ndinakwera pathanthwe lakuseri kwa tchalitchi, pomwe mudzi wonse umakatapa netiweki. Nditatsegula, ndinapeza munthu wina ali kale pamwamba. Kumeneko maina amabisa, mumangoona chilembo chimodzi ndi tinyenyezi.

Mufunsa ngati sindinaganize za Tomé. Ndinaganiza, kwa kanthawi. Koma Tomé ndi munthu woti anaiwala mphete tsiku la ukwati wake, ndipo mayunitsi onse ndinali nditagulira bandulo ya intaneti, moti kumuimbira sikukanatheka. Ndinagamula ndekha kuti Tomé waiwala, uyu ndi mlendo, ndipo mlendoyu aona zakuda.

Ndinakweza. Sipanathe mphindi, iye anakweza. Ndinakwezanso uku ndikuseka, poti anthu otere ndimawadziwa, amathawa pakachitatu. Uyu sanathawe. Tinadutsa nkhuku, tinadutsa nkhuku ziwiri ndi tambala wake, tinalowa m’khola la mbuzi. Apa n’kuti ndaimirira, ndikuloza foni ndi chala ndi kuitukwana.

Amayi ena amadutsa ndi mtolo wa nkhuni. “Aphunzitsi, mukukangana ndi yani?”

“Ndi mbava ina ya ku Maputo, amayi.”

“Mufatse, abale. Mwala uwo ngoterera.”

Mtengo utafika pa malata asanu ndi limodzi, dzanja langa linakhudza envulopu ija, ndipo ndinachita mantha enieni. M’maganizo ndinaona amake Zita akutembenuza usipa pathandala, dzuwa likuwawotcha pamsana. Ndinaika foni m’thumba. Nthawi inatha, mlendo anapambana, ine ndinatsika pathanthwe ngati munthu wochokera kolapa.

Kunyumba sindinabise kanthu, chifukwa nkhaniyo imandikomera. “Lero muzinyadira mwamuna wanu,” ndinatero. “Ndadziletsa. Chitsiru china chataya mtengo wa malata sikisi pa kakaseti kamodzi.”

“Sikisi?” anaseka mpaka kugwira chitseko. “Mkazi wake ndamumvera chisoni.”

Anandiwotcheranso nsomba, mutu n’kundipatsa ine. Ndili pakati pa mutuwo, kafoni kawo kamabatani kanalira. Kameneka kamagwira pakhomo penipeni, ndipo kanawonongeka moti kamayankhula mokweza kuti aliyense amve. Anali Tomé.

“Alamu, aprimu alipo? Muwauze tapambana. Epa, kunali wamisala wina, ndikakweza akweza, ndikakweza akweza, koma ndamuthyola msana. Ndalipira kale ndi ndalama za renda, ndiye atumize Segunda, mwini nyumba asanabwere.”

Amake Zita anandiyang’ana, nayang’ana denga, natenga mbale ya nsomba ija pamaso panga mwaulemu wonse.

“Mkazi uja ndamudziwa,” anatero.

Sanakalipe, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Lolemba Tomé analandira zake. Malata tinagula ndi ndalama zotsalazo, ndipo pokhoma anayang’anira okha amake Zita. Anakwana pabalaza, kwa ana, ndi theka la chipinda chathu. Theka linalo pakadali akale aja obooka, ndipo bedi analikankha mwaluso kuti malire adutse pakati penipeni.

Kaseti inafika patatha milungu itatu, ndipo imagwira bwino zedi. Ndimaisunga m’chigoba cha pulasitiki, kumbali kouma, pansi pa pilo wa amake Zita, ndipo ndikafuna kusewera ndimachita kupempha. Tomé mpaka lero amauza anthu za wamisala yemwe anamugonjetsa. Sindinamuuze. Akamafotokoza ndimangovomera kuti munthuyo analidi wolimba.